Timadontho Titatu

Kontena yanga ili kuseri kwa msewu wa Lumumba,
pakati pa wowotcherera mageti ndi mtsikana wa mazira owiritsa.
Ndimagulitsa makilachi ogwirapo kale ntchito,
a magalimoto aja othamanga ngati akuthawa ngongole.
Anyamata akafika amasuzumira kumbuyo kwanga,
kufunafuna abwana.
Ndimati abwana ndi ine, ya Subaru kapena ya Altezza?

Puleti ndimaiwerenga ndi chikhadabo.
Ikakhala ndi mawanga abuluu, mwini wake anali wopupuluma,
ankanyamuka maloboti asanamulole.
Ikasalala ngati dazi, anali wamantha,
phazi silinkachoka pachopondera.
Masipuling'i akamalira ndikaigwedeza pafupi ndi khutu,
ameneyo mkwiyo wakunyumba
ankauphwetsera pa giya.

Iliyonse yotuluka muno ndimaikhoma timadontho titatu
ndi msomali wa konkire, m'mphepete mosaonekera,
kuti wina asadzabwere ndi chiphakasa cha kwina
n'kumati amayi munandibera.

Yotamu anafika mwezi wa fumbi,
girizi mpaka m'zigongono, makiyi akuzungulira pachala.
Ankafuna ya mano asanu ndi limodzi, yoluma pomwepo.
Ndinamuuza kuti iyi sidziwa kunyengerera,
ikagwira yagwira.
Anaseka, anati ndiyo ndabwerera.
Tinalimbana mtengo mpaka mthunzi unatithawa,
ine folo sauzande, iye thu,
ine ndikulumbira pa ana anga, iye pa amayi ake.
Anasiya foni chikole.
Zotsala anabweretsa Lachisanu monga ananenera,
ndipo oterowo sachuluka.

Dzulo kunabwera bambo a jekete la kutchalitchi
atanyamula thumba la simenti.
Analitula patebulo ndi manja awiri.
Akuti chatsala chabwino n'chimenechi,
zina zonse zakwera sikelo ya zitsulo ku Chinika.
Ndinaitulutsa, n'kuitembenuza.
Timadontho titatu.

Sinadyeke n'komwe.
Chikhadabo changa chinayenda mano onse
kusaka cholakwa cha mnyamata uja.
Panalibe banga, panalibe dazi,
masipuling'i ali chete.
Phazi lake linali labwino.
Anati msewu wa ku Kafue, Loweruka usiku,
lole yoima yopanda nyali.

Pakamwa pali ndi chizolowezi chake.
Ndinamva ndikutchula mtengo wapansi,
uja timayambira podikira kuti winayo akalipe,
anyamule katundu, ayende masitepe atatu, timuitane.
Iwo anangoti zikomo,
napinda ndalama osawerenga.
Ndinawathamangira ndi faifi handiredi ina mpaka pangalande.
Minibasi ya ku Matero inali itatseka kale chitseko.

Makaniko amene anandiphunzitsa ankati
kilachi ili ndi ntchito ziwiri zokha,
kugwira ndi kusiya,
ndipo imatha ndi kaja ka pakati,
pamene munthu sanasankhe.
Usiku wonse ndinali pakati pamenepo,
ndikununkha kupserera.

Lero m'mawa kwabwera wina,
ndevu zikungoyamba kumera, nsapato zoyera mbuu
ngati Lusaka alibe fumbi.
Waiona pashelefu, waipenda padzuwa,
waimba kamluzi.
Nanga yatsopano chonchi, mwini wake anaigulitsiranji?

Lendi ya kontena ndi mawa.
Wowotcherera uja anazimitsa moto wake,
mazira anasiya kuitanidwa,
kapena ndi makutu anga.
Ndinati mwini wake anasiya kuyendetsa.
Ndinati uziyang'ana malole usiku.
Anati amayi, ine ndimaona ngati kadzidzi,
tsitsaniko pang'ono.

Sindinatsitse, mwina angachoke.
Sanachoke.
Akuwerenga ndalama ndinatenga msomali ndi hamala,
ndikukhoma kadontho kachinayi.
Anafunsa kuti kameneko n'kachiyani.
Ndinati kameneko n'kanga,
n'kumukulungira m'thumba lomwe lija la simenti
poti lina ndinalibe.