Mwala wa Kuseri kwa Tayala

Folo koloko m'mawa, mwezi wa Julaye, ku Bembeke.
Udzu wa pakhomo wachita mbuu
ngati wina wadutsa ndi thumba la mchere lobooka.
Matumba makumi awiri a kachewere ali kale m'pikapu,
anyamata anapakira dzulo, ndinawalipira dzulo lomwelo,
ndipo wogula wa pa Lizulu sadikira munthu dzuwa likatuluka.

Injini yatsokomola kawiri, kachitatu yalira.
Ndadina kabatani ndi chala chosamva kanthu,
ndatsitsa handibuleki.
Yatsika, inde, yolobodoka ngati dzanja la wodwala,
koma matayala a kumbuyo uthengawo sunawafike.
Giya wani: galimoto ikungobuula, kutukula msana, kukhalanso pomwepo.
Livesi: chimodzimodzi.
Kilachi yayamba kununkha nsanza zopserera.

Ndazimitsa. Zii.
Galu wa kwa a Kamtedza yekha ndiye akundiyankha.

Dzulo madzulo ndinawoloka kamtsinje ka kudimba,
madzi anafika m'mawaya a kunsi.
Pofika ndinakoka buleki ndi manja awiri
mpaka mano ake onse analira,
poopa mtsetse wa pakhomo pathu.
Usiku chisanu chinabwera kudzamanga mfundo pomwe ndinasiyira.

Ndaimbira Gelevazio, makaniko wa pa boma.
Wayankhira m'bulangete, mawu ngati ochokera mumtsuko:
"Mayi Nanthambwe, musaikakamize, mudula kebulo.
Madzi ofunda, osati owira. Thirani kuseri kwa tayala.
Mukatero gogodani, koma mwaulemu,
monga mugogodera pakhomo pa apongozi."
Mayunitsi atha asanamalize.

Tsono ndine pano,
chitenje pamwamba pa jekete la malemu,
ndagona chagada pa katoni, foni younikira ndailuma kukamwa.
Esinta wanga wagwira ketulo, mano ali gwegwegwe.
Nthunzi ikukwera.
Madzi akutsata mkono mpaka m'khwapa,
afunda kamphindi, kenaka aluma.
Go, go, go, ndi sipanala.

Ndili pansi pomwepo m'pamene ndakaona kadzenje,
kosalala, kozungulira, kuseri kwa tayala la kumanzere,
pomwe pankakhala mwala.

Bambo ake a Esinta, Juni akangolowa,
sankakoka buleki usiku.
Ankaisiya m'giya, n'kugubuduza mwala uja ndi phazi,
ine n'kumaseka pazenera:
galimoto yonseyi, kudalira mwala ngati ngolo!
Iwo osayankha, ankangopukuta manja m'thalauza.
Zaka khumi ndi chimodzi, sindinafunsepo chifukwa.
Maliro atatha ndinaunyamula mwalawo
kukatsekera chitseko cha khola la nkhumba.

Anandisiyira makiyi,
kabuku ka angongole,
nambala ya Gelevazio kuseri kwa kalendala.
Za mwala anaiwala kunena,
kapena ankayesa kudzakhalanso Juni wina.

Go, go.
Go.

Kenaka thwa! kaphokoso kakang'ono,
ngati bondo la munthu amene wakhalitsa pansi.
Pikapu yasuntha chala chimodzi pamwamba pa nkhope yanga,
giya yaigwira.
Esinta wakuwa, ketulo yagwa,
ine ndatuluka chokwawa, matope m'tsitsi,
ndikuseka kapena china chake chofanana nako.

Pa Lizulu tafika dzuwa lili pamwamba pa madenga.
Wogula wadula mtengo pa thumba lililonse,
akuti kachewere wa ku Tsangano wafika kale.
Sindinalimbane naye. Zala zinali zisanabwerere mwakale.

Madzulo ano khola ndamanga ndi mphira wa chubu.
Mwala ndaugubuduza ndi phazi kudutsa bwalo lonse,
ndi wolemera kuposa momwe unkaonekera pazenera.
Walowa m'kadzenje kake osafunsa njira.

Ndazimitsa injini, giya wani.
Dzanja lapita lokha kukakoka buleki.
Ndalibweza,
ndaliika pamwendo,
ndakhala pang'ono mumdima
kumvera chitsulo chikuzizira.