Mabokosi a Machesi

Mchimwene wanga Namakhwa sanasiye munda.
Anasiya jombo zoboola ku zala,
ndodo yomwe ankakwerera Chambe,
ndi chitini cha mabisiketi
chomwe ndinachipeza kunsi kwa bedi, anthu atabalalika pamaliro.

M'chitinimo mabokosi a machesi, makumi atatu ndi limodzi.
M'bokosi lililonse kathonje,
pakathonjepo kamwala.

Mtundu wake ndikuuzeni bwanji?
Ndikati kubiriwira, muganiza za tiyi wa ku Lujeri
mvula itangokata. Ayi.
Ndikati buluu, muganiza za mayunifolomu
omwe ndimasoka pakhonde pano pa Chitakale
sukulu zikamatsegulira. Ayinso.
Mwina mutu wa gulo akamaothera dzuwa pamtengo.
Mwina lawi la sitovu ya palafini
chingwe chikakhala chatsopano.
Koma ozizira. Ukaika pa lilime, ozizira.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ankasenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula.
Eni zikwama maso kumwamba,
kusakasaka Sapitwa m'chifunga.
Iye katundu atamupinda msana
ankaona pansi pokha.
Kuwerama kuli ndi malipiro ake, ankatero,
ife n'kumuseka.

Pa bokosi lililonse analembapo ndi bolopeni:
Lichenya, madzi atagumula gombe.
Thuchila, tsiku lomwe mlendo anabinya phazi.
Ruo, ndili ndi malungo.
Kena kali ndi mbali zisanu ndi imodzi,
zosalala ngati wina anachita kupala ndi tupa.
Kena sikanachoke pa make,
kamera pa chimwala chotuwa ngati dzino la khanda.
Kena ukakayang'anitsa padzuwa
m'kati mwake muli kamng'alu kopyapyala,
ulusi womwe singano yanga singaulole.

Lachiwiri kunabwera munthu wa ku Limbe.
Sindikudziwa anamuuza ndani.
Kagalasi pa diso, kasikelo m'thumba la malaya.
Anatsegula limodzilimodzi, osayankhula,
mpweya akuumeza,
napatula asanu ndi awiri pa tebulo la makina anga.
Mtengo umene anatchula
unandikhazika pansi.

Atafika pa bokosi lakuda ndi thukuta, lophwanyika m'makona,
anaseka mpaka kagalasi kanagwa.
Ili ndi botolo, mayi.
Botolo la mankhwala, madzi angolisalaza.
Tayani, lingakuchekeni.

Ndinalitembenuza bokosilo.
Kunsi kwake, zilembo zaubwana, zopendekeka:
Woyamba. Ndinapusa.
Milungu iwiri ndinayenda nawo m'thumba
osapereka moni kwa anthu.
Osataya.

Ndinagulitsa atatu. Sindinama.
Denga la amayi limadontha pamutu penipeni pa mphasa
ndipo mwala sufolera nyumba
pokhapokha utachoka pakhomo.
Anapita ku Limbe atakulungidwa m'nyuzipepala.
Mabokosi ndinakaniza.
Ali m'chitini momwemo, thonje lidakali ndi kadzenje
pomwe mwala unkagona,
ngati pilo wa munthu wadzuka m'mamawa.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi
ndimakwera njinga ya kabaza mpaka pa mlatho.
Ndimavula nsapato, chitenje m'mawondo,
bokosi la Lichenya lopanda kanthu m'kamisolo.
Madzi a Likhubula amaluma akakolo.
Anyamata onyamula zikwama amandidutsa,
ena amandidziwa: alongo ake a Namakhwa, mwataya chiyani?
Sindiyankha. Ndikuphunzira kuwerama.

Milungu isanu ndi inayi tsopano.
Mchenga, nkhanu, miyala yotuwa yosawerengeka,
khosi kuwawa.
Dzulo china chake chinaphethira pansi pa madzi
mtima wanga n'kudumpha ngati bobini yothawa.
Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono.

Batani.
La mabowo anayi, la yunifolomu,
mwinanso ndinasokerera ndine.

Ndinaima m'madzimo, kuseka ndekha ngati wamisala,
phiri lili duu pamwamba panga.
Kenako ndinalipukuta ndi chitenje,
n'kuliika pa thonje.
Bolopeni ndinaiwala kunyumba.