Mwala Wopanda Mchere

Usiku wa pa 14 Disembala, paphiri lina ku Moravia,
Bohumila wakwera padenga, tochi ili kukamwa,
kukapukuta chisanu pa diso la kamera.
Kutsogolo kwa disolo kuli kagalasi kokandidwa timizere
tosaoneka ndi maso,
ntchito yake kung'amba kuwala
monga nsalu ing'ambikira potsata ulusi.

Zala zachita dzanzi.
Kuchigwa galu wa a Kubíček akuuwa sitima ya katundu.

Kenaka ng'ani!
Kuphethira kamodzi, basi zatha.
Kamwala kosaposa njere ya nsawawa,
kamene kanayenda mumdima dziko lisanaone tsamba,
kapsa makilomita makumi asanu ndi anayi pamwamba pa chipewa chake
osasiya ngakhale phulusa loti munthu n'kutola.

Kutacha, khofi atazizira m'kapu,
akutsegula chithunzi pa kompyuta.
Ndi utawaleza wothyokathyoka,
mizere yoimirira ngati mpanda woguluka mitengo ina.
Uwu wobiriwirawu ndi maginiziyamu.
Khamu ili lothithikana kumbali ya buluu ndi chitsulo,
chitsulo sichiyankhula ndi pakamwa pamodzi.
Kashiyamu ali kumapeto, pafupi ndi pomwe maso amalekezera.
Koma pamalo pa chikasu,
pomwe sodiyamu amayenera kuwala ngati nyale za mumsewu wakale,
pangotsala kachipsera.

Radim, mnyamata wa ku yunivesite, akuti kamera yalakwa.
Iye akupukusa mutu.
Mwala uwu, akutero, unazolowera kudutsa pakhomo pa dzuwa.
Ulendo uliwonse unkasiyako mchere pang'ono,
mpaka unafika kuno uli wosakolera.
Lemba nambala, usaikonze.

Radim akulemba. Iye wayang'ana pawindo.

Bambo ake, a Oldřich, anagwira ntchito pang'anjo ya zitsulo ku Ostrava
zaka makumi atatu kudza ziwiri.
Ankangosuzumira lawi n'kunena kuti sichinapse,
mainjiniya n'kupita kukayeza, n'kubwerako ali chete.
Madzulo malaya awo ankauma pampando
ali ndi mizere yoyera kumsana,
mapu a thukuta la tsikulo,
ndipo iye, ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri,
anainyambitapo kamodzi mayi ake atatembenuka.

Chaka chawo chomaliza dokotala anawaletsa mchere.
Ankatafuna mbatata yophika pang'onopang'ono
ngati akufunafuna kanthu m'kati mwake.
Anapepuka. Wotchi inkatsetsereka mpaka pachigongono.
Koma dzanja likagwira lako
unkadziwa kuti chitsulo chikadalimo.

Zimenezi sizilowa mu lipoti.
Mu lipoti mukulowa ola, liwiro,
makilomita makumi atatu ndi asanu pa sekondi,
ndi kadontho kamodzi pa tchati cha ngodya zitatu,
kutali ndi ngodya ya sodiyamu,
pakati pa timadontho tina mazana anayi
timene wasonkhanitsa chiyambire tsitsi lake lisanachite imvi.

Palibe mwala ndi umodzi womwe umene anaugwirapo m'manja.
Onse amawadziwa pa nthawi yakupsa,
pomwe chinthu chimaulula zomwe chinali nazo
ndi zomwe chinataya m'njira.

Masana agona maola atatu, makatani otseka.
Wailesi yati mitambo ifika cha m'ma 2 koloko usiku.
Magolovesi akuuma pa chitofu,
lakumanja labooka pa chala cholozera.