Makatani a Beni

Mayi Kalonjere a ku Matawale aitanitsa makatani a maluwa.
Ine ndasema chidindo china:
phazi lopanda nsapato, chidendene chong'aluka.

Ndi la atsibweni anga, Che Mkwanda,
ankavina beni pa Chinamwali
zitsekerero za mabotolo zili mbuu pachifuwa ngati mamendulo,
kuyerekeza perete wa asilikali
amene anatenga bambo awo osawabweza.

Ndaviika mu utoto wakatondo.
Kumanzere, kumanja, kumanzere,
apa ndaphonya mzere dala
poti iwonso ankatsimphina
wezulo ikalira kachitatu.

Mawa mayiwo adzafunsa, maluwa anga ali kuti?
Ndidzati pachikani kaye,
zenera musatseke.
Mphepo ikatsika kuphiriku
nsaluyi iyamba kuguba yokha.