Masitepe Angati Kukafika pa Bedi?

Fulvio wayala mapu patebulo la kukhitchini,
ngodya zake wazipsinja ndi botolo la mapiritsi,
kapu ya khofi, magalasi anga, ndi ndimu limodzi.
Midzi isanu yakangamira kumatanthwe
ngati nkhono pamwala wonyowa.
Chala chake chikuthamanga papepalapo,
chadutsa kale Manarola, chili ku Vernazza.
Chala sichidziwa za bondo.

Kale tinaiyenda yonse tsiku limodzi,
ine, mlongo wangayu, ndi malemu mwamuna wanga Ermete,
buledi m'thumba, nsapato zobwereka.
Tinalowa mu Monterosso kusanade
n'kuvinanso usiku womwewo.
Lero ndalemba ndi pensulo: masiku asanu ndi awiri.
Fulvio akuti anayi akwana.
Ndangomuyang'ana mwendo womwe madokotala anang'amba chaka chatha.
Wameza mawu.

Ndaimba foni ku Corniglia,
kwa mayi wina wa zipinda zogona alendo, dzina lake Nives.
Ayamba kutamanda zenera loona kunyanja,
maboti obwera m'mamawa ndi tinsomba tothira mchere.
Ndawadula pakamwa: Mayi, nyanja ndinaiona kale.
Kuchokera pamsewu kukafika pabedi, masitepe angati?
Kubafa kuli pogwira?
Ndikadzuka usiku, poti ndimadzuka katatu,
chimbudzi ndichipeza pomwepo kapena ndikatsike mumdima?

Zii.
Kenako ndikumva chitseko, nsapato pamwala,
mpweya wawo m'khutu mwanga,
akuwerenga ngati mwana wa sukulu.
Makumi awiri ndi atatu, akutero,
ndipo lachisanu ndi chinayi n'lalitali, mulisamale.
Zaka makumi asanu ndi atatu ndikukwera pano,
sindinawerengepo mpaka lero.

Manyazi andigwira. Ndi akulu kwa ine.

Musawerenge masitepe, akupitiriza, werengani popumira.
Mukatsika sitima kwerani kabasi,
makwerero anjerwa aja asiyireni a mawondo atsopano.
Panjira pali khoma la munda wa mphesa wa Gualtiero,
limafunda ikamakwana teni koloko, khalanipo.
Kutsogolo mtengo wa maolivi wopindika ngati ine.
Madzi mukatunge pampope wa kuseri kwa tchalitchi.
Mvula ikagwa musachite makani,
phiri limatsetsereka, njira amatseka,
mudzakhala nane, mudzandisendera adyo.

Ndalemba zonse kuseri kwa risiti ya magetsi.
Meyi, dzuwa lisanayambe ukali.
Kunyamuka mbandakucha, anthu a makamera asanadzaze njira.
Zikwama zitsogole pasitima, ife tinyamule madzi ndi mafupa athu.
Mudzi umodzi, tulo tiwiri.
Lachinayi ndalisiya loyera.
Fulvio akufunsa kuti tsiku limenelo tidzachita chiyani.
Ndati tidzakhala pansi, tidzaone ena akutopa.

Iye akuseka, kenako akuwerengera ndalama,
akudandaula kuti chipinda chapansi n'chodula kuposa chapamwamba.
Kale tinkalipira kuti tikwere, akutero,
lero tikulipira kuti tisakwere.

Yatsala nkhani ya ndodo.
Fulvio safuna n'kuimva komwe.
Akuti ndodo ndi ya nkhalamba,
iye amene anaona nyumba ino isanalowe magetsi.
Ndanyamuka, ndapita kuseri kwa chitseko
komwe yakhala zaka zisanu ndi chimodzi osaigwira munthu,
yamgoza, chogwirira chake chosalala
pomwe dzanja la Ermete linkatuluka thukuta.
Ndaigoneka pamapu, yaphimba midzi itatu.

Si yako, ndamuuza.
Mlamu wako akufuna kupita nawo,
ndipo alibe womunyamula.

Fulvio waitenga, waiyesa kulemera,
wagogoda nayo pansi kawiri.
Wayenda mpaka pazenera, wabwerera.
N'njaifupi, akutero, munthu uja anali wamfupi.
Koma sanaibweze kuseri kwa chitseko.
Waitsamiritsa pampando wake,
watenga pensulo,
pa Lachinayi loyera lija walemba: Vernazza, mwina.