Njovu ya pa Tsamba Loyamba

Ndimagulitsa Kamvuluvulu pa depoti ya Kasungu,
pakati pa mnyamata wa mayunitsi ndi chiwaya cha tchipisi.
Masamba asanu ndi atatu, inki yotsalira m'manja,
imatuluka Lachisanu, magetsi akalola.

Mkonzi wathu, a Bizaliele Kachiwanda,
sanawolokepo ngakhale chipata cha Mwami,
koma za ku Amereka amazidziwa mpaka kuchipinda.
Amakhala kuseri kwa fotokope ya alamu awo,
foni yong'aluka galasi ili pabondo,
n'kumalemba mosaphethira:
"Mtolankhani wathu ku Washingitoni wati..."
Mtolankhaniyo ndi iwo omwe,
atavula nsapato.

Kumeneko, akuti, zipani zolimba n'ziwiri,
china njovu, china bulu.
Tinaseka mpaka kondakitala anaiwala kuitanira.
Dziko la ndege ndi maroketi
kumakangana za nyama
ngati mlandu wa mbuzi yolowa m'dimba!

Sabata ino: NJOVU YAPEZEKA NDI MKAZI WA BULU.
Sabata yamawa: BULU WAKOMOKA, ACHIBALE ASONKHANA.
Inayo: mano a wopikisana wina si ake, ngobwereka,
watero munthu wodalirika amene wakana kutchulidwa.
Wodalirikayo ndimamudziwa,
amameta anthu kuseri kwa msika,
dzina lake Yotamu, ali nane ngongole.

Ndipo anthu amagula, abale!
A Gwedeza a kabaza ndi a Njovu,
anachita kulemba ndi penti pa kaliyala.
A Sitoliya a kaunjika ndi a Bulu,
poti belo imene inawatulutsa m'mavuto
munali sikipa ya bulu wovala chipewa.
Mwezi wathunthu osapatsana moni,
kulimbirana voti imene sadzaponya,
kutukwanirana anthu osadziwa
kuti pansi pano pali Nkhamenya.

Lachiwiri lina kunabwera mayi wa kwa Chulu,
Eneresi Nankhoma, fumbi mpaka m'mawondo.
Njovu, akuti. Yeniyeni, ya minyanga ndi ndowe.
Yathyola mpanda wa paki usiku,
yadya chimanga maekala awiri,
chigafa cha fodya yachikhalira ngati mpando.
Ankangofuna zilembedwe, akuluakulu awerenge.

Mkonzi anakanda chibwano ndi bolopeni.
"Njovuyo ili ndi chibwenzi?
Yanyozako wina pa wailesi?
Nanga chithunzi chilipo?"
"Chilipo," anatero mayiyo. "Mapesi."

Nkhani yawo inatuluka ndithu,
tsamba lachisanu ndi chiwiri, mizere itatu,
pansi pa sing'anga wobweza mwamuna wothawa,
dzina atalilakwitsa, mudzi atausamutsira ku Dowa.
Tsamba loyamba linali ndi zilembo ngati zidina:
NJOVU YASESA ZONSE, DZIKO LAGWEDEZEKA.

Mayi aja anabweranso Loweruka.
Anaona mutuwo, nkhope inawala,
anamasula mfundo ya chitenje,
ndalama ya basi yomweyo.
"Atimva," anatero, "mwaona? Atimva."
Ndinalandira.
Chenji ndinapereka yokwana.
Pakamwa ndiye sindinatsegule,
mwana wanga amafuna yunifolomu.

Zotsala ndimagulitsa Lolemba pa kilo.
Wa tchipisi amakulungira,
maseneta onse noninoni mafuta a dzana;
wa bonya amapinda timapepala,
nduna yakunja ikununkha nyanja imene sinaionepo.
Dzulo mlonda wa pa golosale, a Chimkwende,
anang'amba tsamba loyamba mosamala,
kupichira chingambwe cha m'munda mwawo.
Ndinaona Nyumba Yoyera ikunyeka pang'onopang'ono
pamilomo yosweka ndi chisanu,
utsi ukulowera cha ku phiri.

"Ikukoma?" ndinafunsa.
Anatsokomola, n'kulavula pambali.
"Andale a uko amayaka bwino," anatero,
"akwathuwa amazimira pakati."

Mawa ndi Lachisanu.
Magetsi alipo.
Yotamu wadutsa pompano, akuti ali ndi ina yotentha.