Womasulira wa a Kamtedza

Zaka khumi ndi zitatu ndinaima kumanzere kwanu,
a Tobiyasi Kamtedza,
m'khoti la ku Area 3 lija linkadontha Januwale yense,
inu mukulankhula Chingerezi cha m'mabuku,
ine ndikuchitafuna kuti amphawi ameze.

Munali mwana wolishya ng'ombe ku Nsaru,
zilembo munazitola pa nyuzipepala yokutira fodya.
Boma litasamuka ku Zomba
munabwera pa lole imodzi ndi makabati,
mkanjo wakuda uli m'katoni ya sopo.

Mukumukumbuka Layisoni wa ku Mchesi?
Ndevu zinali zisanamere.
Anaba tcheni cha njinga ya mesenjala.
Munagogoda tebulo: miyezi isanu ndi inayi ku Maula.
Koma mawuwo m'Chichewa anatulukira pakamwa panga,
ndipo amene mayi ake anamulavulira pa mlatho
ndinali ine.
Madzulo munandiitana mu ofesi.
Simunanene kanthu.
Munangothyola chimanga chootcha pakati
n'kundipatsa mbali yokula.

Kenako mavoti anakubwezani pa msewu wa ku Zomba,
nthumwi ya anthu tsopano, kolala yolimba.
Munaimirira kawiri kokha, ndinamva,
kupempha kuti wakuba tcheni
asagone chipinda chimodzi ndi wopha munthu.
Ena anaseka, ena anali mtulo,
pepala lanu linadyedwa ndi chiswe m'dirowa.
Chisankho chotsatira anakuiwalani.

Ku Kawale, maso atachita ng'ala,
ndinkabwera Lachinayi kudzakuwerengerani nkhani.
Munkandidula pakati:
Usiye zandalezo, Sitefano,
unditchulire maina.
Ndinkatchula amene ndinawakumbuka,
inu mukupinda zala pa bondo
mpaka zala zitatha, n'kuyambiranso.

Dzulo ndinapita kukasankha bokosi lanu
pa msewu wa amisiri a matabwa.
Amene anandilandira ndi bambo wa imvi,
pensulo kukhutu, utuchi m'nsidze.
Anandizindikira ndisanakhale pansi.
Anasankha yekha mlombwa wopanda mfundo,
mtengo sanakweze, sanatsitsenso.
Pomanga chingwe pa galimoto anandiyandikira:
Akulu, tsiku lija ananenadi naini,
kapena munawonjezera ndinu?

Ndinayang'ana kumanja kwanga, mwa chizolowezi,
kudikira kuti muyambe inu.